Musakomedwe ndi kubangula kwa injini

Mnzanga wina adandinyengerera kuti ndichotse fyuluta ya mpweya yapepala m'galimoto yanga, ndiikemo ija yochapa, yopaka mafuta. Akuti galimoto izithamanga ngati mphepo.

Ndidaikadi. Injini idayamba kubangula mokoma, koma liwiro lidali lomwe lija.

Abale, fyuluta zoterezi zimalowetsa mpweya wambiri chifukwa timabowo take n'tokulirapo, ndipo fumbi losalala limadutsira momwemo. M'misewu yathu yadothi, makamaka mu Okutobala, fumbilo limakapala maring'i a pisitoni, injini n'kuyamba kudya oyilo. Mukaipaka mafuta ochuluka, amakadetsanso sensa yoyeza mpweya.

Ine ndidabwerera ku yapepala. Ikada, ndimangogula ina. Mtengo wake sungafanane ndi wophwasulitsa injini kwa makaniko.