DISTINCT ni Panado cabe

Mu SQL, dzina likatuluka katatu, ambili amathamangila kulemba SELECT DISTINCT. Mizele yobwelezeka isowa, mtima ukhala pansi. Kwa ine, kumeneku ni kumwa Panado uli na maleliya.

Yambani mwafunsa cimene cabweleza mizeleyo. Kasitomala amene anagula katatu adzaonekela katatu mukacita JOIN na tebulo ya zogula. Mukawonkhetsa nkhongole yake na SUM, K200 idzakhala K600, ndipo DISTINCT siidzakonza zimenezo. Coipilatu, mukasankha maina cabe popanda nambala ya NRC, a Banda awili osiyana adzasanduka munthu mmodzi.

Pofuna mndandanda wa matauni a makasitomala, DISTINCT ili cabe bwino. Koma ngati simudziŵa cimene mwailembela, konzani JOIN kapena seŵenzetsani EXISTS.