Mayi wa m'chithunzi uja, dzina lake ndani?

Zaka zingapo zapitazo bungwe lina lakunja linandipatsa ntchito yomasulira m'Chichewa mawu olembedwa pansi pa zithunzi. Zithunzizo zinali zopita m'masukulu a sekondale, ndipo cholinga chake chinali chakuti ana adziwe ndi kulemekeza chikhalidwe cha anthu a m'maiko ena. Pansi pa chithunzi cha banja lina la ku Ulaya panali maina a aliyense, ntchito ya bambo, ngakhalenso dzina la galu. Pansi pa chithunzi cha mayi atasenza ndowa panali mzere umodzi wokha: "Mayi wa ku Africa akuchokera kotunga madzi."

Ndinawafunsa kuti mayiyu dzina lake ndani, kwawo n'kuti, mfumu yawo ndani. Anandiyankha mwaulemu kuti zimenezo n'zosafunika chifukwa chithunzicho chikudzilankhulira chokha. Ndinamasulira, ndinalandira ndalama zanga, ndinalipira lendi. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Ndikutsutsa chikhulupiriro chimenechi, chomwe chafala pakati pa anthu a zamaphunziro, chakuti mwana akangoona zithunzi za anthu akutali ndiye kuti wayamba kuwamvetsa. Ine ndine womasulira, ndipo ndikudziwa kuti palibe uthenga umene umawoloka mtsinje wokha. Pamakhala wina woupalasira bwato. Wojambula amasankha poima, nthawi yodina kamera ndi zoti zikhale kunja kwa chithunzi. Mkonzi amasankha chimodzi pa zithunzi zambirimbiri. Wina amalemba mawu a pansi aja. Mwana akamayang'ana chithunzi pakhoma la kalasi amakhala akuona ndi maso a anthu atatuwa, koma palibe amene amamuuza.

Ganizoli n'lakale. M'chaka cha 1955 Edward Steichen anakonza chionetsero chotchedwa The Family of Man ku Museum of Modern Art mumzinda wa New York. Munali zithunzi 503 zochokera m'maiko 68, ndipo uthenga wake unali wakuti anthu onse ndi banja limodzi: timabadwa, timakwatira, timagwira ntchito, timafa. Chionetserocho chinazungulira dziko lonse. Chitafika ku Moscow mu 1959, wophunzira wina wa ku Nigeria anang'amba zina mwa zithunzizo. Dandaulo lake linali lakuti anthu akuda anawaonetsa osavala, odwala kapena ausiwa, pomwe azungu anawaonetsa aulemu wawo. Okonza ankati akuphunzitsa umodzi. Iye anaona kuti m'banja limenelo ena awakhazika pampando, ena pansi.

Taonaninso chithunzi chimene anthu ambiri kunja amadziwira njala ya ku Africa: mwana wogwada pansi, muimba uli kumbuyo kwake. Anajambula ndi Kevin Carter wa ku South Africa mu 1993, ku Ayod, dera lomwe lero lili ku South Sudan. Nyuzipepala ya The New York Times inachisindikiza n'kunena kuti ndi mtsikana, ndipo chaka chotsatira Carter analandira mphotho ya Pulitzer. Mu 2011 atolankhani a ku Spain anapeza bambo ake a mwanayo. Anali mnyamata, dzina lake Kong Nyong, ndipo njala imeneyo anapulumuka. Kwa zaka 18 dziko linamulira mwanayo lisakudziwa n'komwe kuti ndi wamwamuna. N'chimodzimodzi ndi mtsikana wa ku Afghanistan wa maso obiriwira amene Steve McCurry anajambula mu 1984, n'kuikidwa pachikuto cha National Geographic mu 1985. Dzina lake, Sharbat Gula, linadziwika mu 2002. Ndipo mu 2018 magazini yomweyo inavomera poyera kuti kwa zaka zambiri inkaonetsa anthu osakhala azungu mwatsankho. Ngati eni ake avomera, ife tikanirenji?

Wina anena kuti ndikufuna tibise mavuto, tizionetsa ana zithunzi za maukwati zokhazokha. Ayi. Pa 16 June 1976 Sam Nzima anajambula ku Soweto mnyamata akuthamanga atanyamula mwana wowomberedwa ndi apolisi, mtsikana akuthamanga pambali pake akulira. Chithunzicho n'chowawa, koma ana a sukulu ku South Africa amatha kutchula onse atatu: Hector Pieterson, Mbuyisa Makhubu, ndi mlongo wake wa Hector, Antoinette. Amadziwa kuti anawo ankakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Chithunzi chimene chili ndi maina ndi chifukwa chimamufunsa woonayo kuti anachita zimenezi ndani. Chikakhala chopanda zonsezi chimangomusiya akuti "kalanga ine", kenaka n'kutembenuza tsamba.

Kwathu ku Malawi tili ndi chitsanzo chathu. Pali chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, onse awiri atavala zipewa. Muonetseni mwana wa ku London kapena wa ku Lilongwe, akuuzani kuti ndi azibambo awiri otchena. Nkhani yonse ili pachipewapo: nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Samson Kambalu anachiwerenga bwino chithunzicho, n'kusema chiboliboli chimene chinaikidwa pa Trafalgar Square mu 2022, Chilembwe ali wamkulu kuposa Chorley. Popanda wina wofotokoza za chipewa, mwana aona nsalu chabe.

Vutoli silili kwa ana a ku Ulaya okha. Ana athu nawonso amadziwa maiko ena kudzera m'zithunzi za pa Facebook: malume ataima pafupi ndi galimoto ku Johannesburg, msuweni ali m'chipale chofewa ku Dublin. Galimotoyo ndi ya yani, chipinda amagona angati, chithunzi sichinena. Mwana amene sanaphunzire kufunsa mafunso amenewa tsiku lina adzagulitsa munda kuti apeze ya basi. Safunsa anadya phula.

Ndiye sindikuti zithunzi za kunja zichoke m'kalasi. Ndikuti phunziro lisinthe. Mphunzitsi asamafunse kuti "chithunzichi chikutiphunzitsa chiyani za anthu awa?" Azifunsa kuti anajambula ndani, amajambulira yani, wojambulidwayo anavomera kapena ayi, ndipo kamera ikanatembenukira kumanzere tikanaona chiyani. Aike chithunzi cha njala pafupi ndi cha Seydou Keïta, amene kuyambira 1948 ankajambula anthu a ku Bamako monga iwo eni ankafunira kuoneka, atavala zokongola zawo, wina ndi wailesi, wina ndi njinga yamoto. Aonetsenso mayi wovutika amene Dorothea Lange anajambula ku California mu 1936, kuti ana adziwe kuti umphawi ulibe kwawo.

Aphunzitsi andiuza kuti m'kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo, yopanda mabuku okwanira, zimenezi n'zosatheka. Ndikumva, koma mafunso safuna ndalama. Chithunzi chimodzi cha m'nyuzipepala yakale n'chokwana phunziro lonse. Foni imodzi n'njokwana kuti ana ajambule msika wakwawo, kenaka akangane kuti pansi pake alembepo chiyani komanso m'chinenero chanji. Mwana amene waona mnzake akulemba "umphawi" pansi pa chithunzi cha agogo ake akusenda chimanga sadzaiwala kuti mawu a pansi aja amalemba ndi munthu, ndipo munthu amalakwitsa.

Kwathu mlendo akafika sitiyamba n'kumuyang'anitsitsa. Timamulonjera, timafunsa dzina, kumene achokera, ndi za amene awasiya kunyumba. Sukulu imene ikuphunzitsa ana kuyang'ana anthu osawalonjera ikuwaphunzitsa mwano, ngakhale iutche dzina lokoma lotani.

Ntchito ngati ija ikadzandipezanso ndidzamasulira mzerewo monga ulili, chifukwa ndiyo ntchito yanga. Koma pansi pake ndidzawonjezera mawu anga: "Wojambula sanafunse dzina la mayiyu." Akadzakana kuwasindikiza, adzafune womasulira wina.