Lekani Kugumula Nyumba za Nsomba

Anzanga okonda ma aquarium a madzi amcere, wogulitsa akakuuzani kuti popanda live rock nsomba zizafa, musavomere. Mwala pawokha sutsuka madzi. Nchitoyo ni ya mabakiteriya okhala m'mabowo ake: amasandutsa ammonia ya m'zonyansa za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate. Mabakiteriya omwewo amakhalanso pa ceramic media na pa miyala youma, mukangodikira masabata angapo.

Zoona, ma bio-balls a pulasitiki sacotsa nitrate, koma kusintha madzi kawirikawiri kumaicepetsa. Manje n'kugumuliranji matanthwe a m'nyanja, momwe nsomba zimabisala na kuswana, kuti cabe sitting room ya munthu iwale? Kuthamanga mtima kwanu kusaonongetse nyanja ya eni ake.