Kudekha kwa Wojambula Zithunzi pa Msika

Munthu aliyense amene anayendapo mu msewu wa Victoria Avenue ku Blantyre, kapena pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ku Lilongwe, kapenanso m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear, anawaonapo anyamata atayala zithunzi zojambula pamanja pambali pa ziboliboli. Amayala m'mawa mame asanakamuke, nakhala pamenepo kufikira dzuwa litapendeka, ndipo masiku ambiri amalongedza katundu wawo osagulitsa ngakhale chithunzi chimodzi. Tsiku lotsatira amabweranso.

Zaka zapitazi zawonjezera mtolo pamutu pa anthu amenewa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, ndege zonyamula anthu zinaleka kutera pa mabwalo athu kuyambira mu April kufikira mu September, ndipo alendo odzaona dziko, amene ndiwo ogula enieni a zithunzi, anasowa. Malonda asanadzuke bwino, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Popeza utoto wabwino ndi maburashi zimachokera kunja, mtengo wa zipangizo unakwera, pamene wogula wa kuno kwathu anayamba kuganiza za ufa ndi feteleza asanaganize zokongoletsa khoma.

Tsono mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu ali ndi luso la zojambula m'manja mwake achite chiyani? Kumuuza kuti apirire nkosavuta. Chofunika ndi kumuuza kuti kupirirako kumatanthauza chiyani, ndipo pa nkhani imeneyi mbiri ya mnansi wathu wa ku Tanzania, Edward Saidi Tingatinga, itithandiza.

Tingatinga anabadwa mu 1932 m'boma la Tunduru, kum'mwera kwa Tanzania, pafupi ndi malire a Mozambique. Sanapite patali ndi sukulu, ndipo sanalowepo m'kalasi yophunzitsa zojambula. Anagwirako ntchito m'minda ya khonje ku Tanga, kenaka anapita ku Dar es Salaam kumene analima maluwa pa nyumba za anthu, nagulitsa zipatso, nadzapeza ntchito pa chipatala cha Muhimbili. Anayamba kujambula mu 1968, ali ndi zaka zoposa makumi atatu ndi zisanu. Ndalama zogulira nsalu ndi utoto wa akatswiri analibe, motero anatenga mabolodi a siling'i, nawadula kuti mbali zonse zifanane, najambulapo nyama ndi mbalame ndi penti yopakira njinga. Zithunzizo zinkagulitsidwa pafupi ndi sitolo za Morogoro Stores ku Oyster Bay, kumene anthu a kunja okhala mu mzindamo ankadzagula zakudya.

Mu 1972 wapolisi anamuwombera molakwitsa, poganiza kuti galimoto imene anakwera inali ya achifwamba othawa, ndipo anamwalira. Anajambula zaka zinayi zokha. Koma iye anali ataphunzitsa kale abale ake ndi anyamata ena angapo, ndipo iwowa anapitiriza ntchitoyo kufikira anakhazikitsa bungwe la Tingatinga Arts Cooperative Society mu 1990. Dzina la munthu mmodzi linasanduka dzina la kajambulidwe kodziwika m'maiko ambiri.

Tikaisinkhasinkha mbiri imeneyi tipeza kuti kudekha kwa Tingatinga sikunali kukhala pansi manja ali m'thumba. Iye sanadikire zipangizo zodula. Anayamba ndi zimene zinali pafupi, ndipo kuwala kwa penti ya njinga, kumene wina akanakuyesa umphawi, ndiko kunapatsa zithunzi zake nkhope yakeyake. Sanataye msanga ntchito yolipidwa. Anajambula pa nthawi yake yopuma kufikira malonda atakhazikika. Ndiponso sanayendeyende ndi katundu wake lero uku mawa uko. Anapeza malo amene anthu okhala ndi ndalama amadutsapo masiku onse. Ichi nchachikulu, pakuti chithunzi sichigulidwa monga tomato. Munthu amachiona lero nachisirira, mawa nkukafunsa mkazi wake kapena mwamuna wake, mwina nkudikira malipiro a kutha kwa mwezi. Akabwerera napeza wojambula uja atasamuka, malondawo afera pomwepo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Komabe m'mbiri yomweyi muli chenjezo. Kajambulidwe ka Tingatinga katatchuka, anthu ochuluka anayamba kubwereza nyama zomwezo ndi mbalame zomwezo, ndipo misika ya alendo kuyambira ku Zanzibar kufikira ku Nairobi inadzaza ndi zithunzi zofanana ngati mapasa. Zinthu zikafanana chotero, wogula sasankhanso luso, amasankha chotsika mtengo, ndipo ogulitsa amayamba kugwetsana mitengo okhaokha. Matenda amenewa ndi kuno aliko. Mukaona chithunzi cha bwato pa nyanja dzuwa likulowa, kapena cha amayi atasenza mitsuko, mudzachionanso kwa mnzake woyandikana naye. Munthu angathe kukhala zaka khumi pa msika akubwereza chithunzi chimodzi, nadzitcha wopirira, pamene luso lake linaima chaka choyamba.

Pali chinanso chimene okonda kulimbikitsa achinyamata amachilumpha, ndicho chakuti kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo pamakhala wina amene amaulipira. Mayi Carmen Herrera, wobadwira ku Havana m'dziko la Cuba mu 1915, anajambula zaka zambirimbiri ku New York osapeza msika. Malonda ake anatseguka mu 2004 ali ndi zaka 89, ndipo mu 2016 nyumba yotchuka ya Whitney Museum inaonetsa ntchito zake. Anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 106. Koma zaka zambiri za mdimazo pakhomo pankalowa malipiro a mwamuna wake, amene anali mphunzitsi. Vincent van Gogh wa ku Netherlands, amene chithunzi chake cha munda wa mphesa chinagulidwa ndi mafranki 400 okha ku Brussels mu 1890, chaka chimene anamwalira, ankadya ndalama zimene mng'ono wake Theo ankamutumizira. Kutchuka kwake kunadza pambuyo, chifukwa mlamu wake Johanna anasunga zithunzizo, naziyendetsa m'zionetsero, nasindikiza makalata ake mu 1914. Mwana wa mlimi wa ku Ntcheu alibe Theo. Kumuuza kuti angojambula, tsiku lina dziko lidzamuzindikira, ndiko kumutuma kumunda wopanda khasu.

Chifukwa chake wachinyamata wolowa ntchito imeneyi ayambe wapeza chomudyetsa: kulemba zikwangwani za sitolo, kujambula zithunzi za m'mabuku, kukongoletsa makoma a sukulu za mkaka, kapena ntchito ina iliyonse yoongoka. Powerengera mtengo wa chithunzi aikemo utoto, nsalu, ulendo ndi masiku amene wathera pa ntchitoyo, ndipo asaugwetse kufikira pansi chifukwa cha njala ya tsiku limodzi, pakuti wogula amene wapeza chithunzi pa theka la mtengo sadzavomeranso mtengo wathunthu. Akapereka zithunzi ku hotela kapena ku nyumba yogulitsiramo zaluso, alemberane pa pepala gawo limene eni malowo adzatenga, popeza m'maiko ambiri gawolo limafika theka. Asaine chithunzi chilichonse, achijambule ndi foni chisanachoke, nasunge dzina la wogula m'kope. Masiku ano Facebook ndi WhatsApp zafutukula msika, kotero kuti Mmalawi wokhala ku Johannesburg kapena ku London angathe kuitanitsa chithunzi cha mudzi wa kwawo. Koma nakonso wogula amayamba waona ntchito ya munthu miyezi ingapo asanatulutse ndalama.

Kwa inu aphunzitsi, mwana amene amajambula kumbuyo kwa kope la masamu musamuthamangire ndi chikwapu. Muphunzitseni masamuwo ndithu, pakuti adzawafuna powerengera mitengo, ndipo mumuuze kuti dziko lino linayamba kalekale kujambula: zithunzi za pa miyala ya ku Chongoni, m'boma la Dedza, zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo ku Mua malo a Kungoni akhala akusula aluso kuyambira 1976. Mumuuzenso zoona, kuti msika uchedwa, ndi kuti m'miyezi imene wogula sakuoneka ndimo m'mene wojambula ayenera kukhala pa bolodi lake akujambula chimene mnzake woyandikana naye sanachijambulepo.