Chanco Si Msika wa Mandasi Okha

Anzanga, ndiloleni ndifunse. Ndi angati mwa ife amene amati akaona ophunzira a ku Chanco akutuluka m'nyumba za lendi kuno ku Chikanda amaganiza kuti, "Tsiku lina ndidzakhala ine"? Ambirife timangowaona ngati makasitomala. Amayi athu amawagulitsa mandasi, tomato ndi makala, ena timawatungira madzi, basi nkhani yathera pomwepo. Ine ndikuti tikudzimana tokha.

Poyamba tiidziwe sukuluyi. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwe dziko lathu linalandira ufulu. Maphunziro anayamba mu 1965 ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ndipo Chancellor College inasamukira kuno ku Zomba, pa Chirunga, mu 1973. Mu 2021 makoleji a yunivesiteyi anagawidwa: Polytechnic inasanduka MUBAS, makoleji a udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS. Dzina loti University of Malawi linatsalira konkuno, pakhomo pathu penipeni.

Mwina wina akuti, "Aise, mbiri imeneyo tidya?" Chabwino, tiyeni tikambe za ndiwo. Matemba amene timadyera nsima, ambiri amachokera ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ndi yosaya, ilibenso mtsinje wotulutsa madzi, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995. Akatswiri a sayansi a yunivesiteyi anayamba kuifufuza cha m'ma 1960, ndipo zomwe anapeza zinatuluka m'buku mu 1979. Kafukufuku wotere ndiye anathandiza kumvetsa kuti nyanja ikauma, nsomba zimapulumukira m'madambo ndi m'mitsinje yothira m'nyanjamo, monga Likangala ndi Domasi, kenaka madzi akabwera zimaswananso. Ndiye kuti tikataya zinyalala mu Likangala, tikuwononga pothawira matemba athu omwe. Mwaona? Sayansi imeneyi si ya ku Ulaya ayi, ndi ya m'mbale mwathu.

Sikuti ndi sayansi yokha. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa pa Chanco, anamangidwa mu 1987 n'kukasungidwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Mu Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a pa Chanco anachita zionetsero zogwirizana nawo. Chaka chotsatira Amalawi anavotera zipani zambiri. Ufulu woti ine ndimate maganizo anga pabolodi pano, mbali ina unachokera pamenepo.

Tsono ndikudziwa chomwe mukufuna kunena: "Ife ndi a CDSS. Buku limodzi timalimbirana anthu angapo, zipangizo za Chemistry timangoziona pazithunzi, pomwe anzathu a m'sukulu zogonera konko ali ndi zonse." Zoona zimenezo, sindikutsutsa. Mpikisano wake si wofanana, ndipo akuluakulu oona za maphunziro akuyenera kukonza. Koma kodi tingokhala manja lende mpaka MSCE itipeze? Fomu yofunsira malo ku yunivesite imafuna magiredi, ndipo magiredi sabwera ndi kudandaula.

Komanso ife tili ndi mwayi umene mnzathu wa ku CDSS ya kutali kumudzi alibe. Anthu amene akuphunzira Biology, Physics ndi masamu ku Chanco amagona kuseri kwa nyumba zathu. Timakumana nawo pampopi tsiku ndi tsiku. Tinayamba tawafunsapo funso limodzi lokha la masamu? Mwana wosalira amafera m'chibereko.

Ndiye pempho langa nali. Tiyeni tipemphe aphunzitsi athu atithandize kuitana ophunzira awiri kapena atatu a ku Chanco kuti azibwera Loweruka kudzatiunikira mitu yovuta. Tiwapemphenso alembe kalata yoti tikaone nawo malabotale a pa Chirunga, kuti maikulosikopu tikaigwire ndi manja, osati kungoijambula m'kope. Ndipo atsikana anzanga, tisathawe masamu poti akuti ndi a anyamata. Ananena ndani?

Ena amakwera basi tsiku lathunthu kuchokera ku Chitipa kudzaphunzira pa Chirunga. Ife ndi ulendo wa pansi. Zoona tidzakalambe tikungowalozera njira?

Wanu wa Fomu 3