Tisamangosintha osewera, tikulitse munda

Anzanga, ndikafunsa kuti kaputeni wa Flames ndani, mayankho abwera ngati mvula. Nanga ndikafunsa za timu yathu ya kiriketi? Zii. Komatu timuyi ilipo, imavala mbendera yomweyi, ndipo yafika patali kuposa mmene ambiri tikuganizira.

Mu November 2019 anyamata athu anasewera masewero awo oyamba ovomerezeka a T20 ndi Mozambique pa Lilongwe Golf Club, mumpikisano wa Kwacha Cup, ndipo chikho chinatsala kuno. Mu 2024 ku Dar es Salaam anakhala achiwiri kumbuyo kwa Tanzania, n'kupeza malo mumpikisano womaliza wa mu Africa wopitira ku World Cup. Mpikisanowo unachitikira ku Harare mu 2025. Kumeneko zinthu zinathina. Tinali m'gulu limodzi ndi Namibia, Kenya ndi Nigeria, ndipo sitinafike mu semi fainolo. Malo awiri a ku World Cup anapita kwa Zimbabwe ndi Namibia.

Kwa amene kiriketi simuidziwa, nkhani yake ili chonchi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Mu T20 mumaponyeredwa mipira 120 basi, yogawidwa m'maova 20, ndipo ntchito yanu ndi kumenya mpirawo ndi bati kuti mupeze marani ambiri. Womenya akalakwitsa kamodzi kokha, watuluka, sabwereranso. Sizili ngati mpira wamiyendo woti sitiraika akaphonya chigoli amayesanso pakapita mphindi zisanu. Anthu 10 akatuluka, timu yonse yatha, ngakhale mipira itatsala yambirimbiri.

Apa ndi pamene timu yathu imavutikira ikakumana ndi akuluakulu. Oponya mpira tili nawo abwino ndithu, monga Moazzam Baig ndi Daniel Jakiel, amene anayamba wasewererapo Zimbabwe. Koma pa kumenya, katundu wambiri amagwera anthu ochepa ngati Sami Sohail. Iyeyo akatuluka msanga, mitima imakhala m'mwamba.

Zikatero anthu amathamangira kunena kuti, achotseni amenewo, muikepo ena. Ine ndikukana. Enawo muwatenga kuti? Kiriketi ya m'dziko muno imaseweredwa kwambiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe, m'makalabu ndi m'masukulu ochepa. Osankha timu ali ngati mayi wosankha mbewu ya mtedza m'kambale kamodzi. Angasankhe mosamala bwanji, mbewuyo ndi yomweyo. Komanso womenya amene akudziwa kuti akalephera kawiri achotsedwa amasewera mwamantha, ndipo wamantha samenya mpira, amangodziteteza mpaka maova atha.

Sindikunena kuti munthu azikhala m'timu chifukwa cha dzina kapena chibale, ayi. Osankha azitiuza poyera: uyu tamutenga chifukwa wapeza marani akuti m'masewero akuti a m'dziko muno. Akamutenga, amupatse masewero okwanira asanamuweruze. Koma mankhwala enieni ali kumunsi kuno. M'mera mpoyamba. Diso loona mpira wothamanga ndi dzanja lodziwa nthawi yomenyera zimaphunziridwa munthu ali ndi zaka 10 kapena 12, osati atamera kale ndevu.

Taonani Uganda. Mu 2023 inagonjetsa Zimbabwe ku Windhoek n'kupita ku World Cup ya 2024. Dziko limenelo lakhala likuseweretsa kiriketi m'masukulu kwa zaka zambiri. Komabe litakumana ndi West Indies, timu yonse inatuluka ndi marani 39 okha. Ngati a Uganda, ndi masukulu awo onse aja, anaona zoterezi, ife tiyembekezera chiyani tikamadalira mizinda iwiri?

Kuchoka pa Boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita ongopitirira pang'ono 100, msewu wa tala. Koma ndi angati a ku Kamwendo, Mkanda, Kapiri kapena Waliranji amene anagwirapo bati? Luso lilipo. Mtsikana amene amaponya mpira wa fulaye osaphonya, ameneyo ndi woponya kale. Mnyamata wolasa njiwa ndi legeni diso ali nalo. Timu ya amayi nayo ilipo, inayamba masewero ovomerezeka a T20 mu 2018 ku Gaborone, choncho atsikana musati izi n'za anyamata.

Wina anena kuti, aise, sukulu ya CDSS ngati yathu mabuku omwe ndi operewera, ndiye tiyambe kulira mabati? Funsolo ndi lomveka, ndipo MSCE siyembekeza munthu. Koma ku Pakistan ana ambiri amayambira mumsewu ndi mpira wa tenesi wokulunga ndi tepi yamagetsi, ndipo ena mwa iwo afika m'timu ya dziko. Bwalo tili nalo, lija la mpira. Malo oponyerapo ndi mamita 20 okha. Bati angatisemere kalipentala wa pamsika, mitengo itatu yozika kumbuyo kwa womenya tidula tokha.

Ndiye pempho langa lili pawiri. Kwa akuluakulu oyendetsa kiriketi m'dziko muno: tumizani mphunzitsi mmodzi kuno ku Mchinji, ngakhale kamodzi pa teremu, adzaphunzitse aphunzitsi athu a zamasewero. Kwa ife: tisadikire. Tipite kwa asipotsi masitala, tipemphe tsiku limodzi pa sabata tikaweruka. Pakufunika anthu 22 kuti matimu awiri akwane. Pansi pa pepalali ndasiya malo, lembani dzina ndi kalasi yanu. A Fomu 1 muyambe ndinu, chifukwa zaka zinayi zonse zili m'manja mwanu.

Mnzanu wa Fomu 3