Sikelo ya Manambala: Batani Limodzi Likhoza Kudya Thumba Lathunthu

Ku Sandton, mumzinda wa Johannesburg, kuli msika wa Johannesburg Stock Exchange umene unasamukira kumeneko mu 2000. Kuyambira mu 2001, pamene unagula msika wa SAFEX, chimanga chimagulitsidwanso pomwepo, ngakhale kuti palibe amene amaona chitsononkho. Pangano limodzi la chimanga choyera ndi matani 100, kapena kuti matumba 2,000 a makilogalamu 50. Malonda otere amatheka chifukwa wogula ndi wogulitsa amakhulupirira muyeso umodzi.

Mlimi wa ku Mchinji kapena ku Chipata alibe mwayi wotero. Iye amakumana ndi sikelo ya venda, ndipo masiku ano masikelo ambiri ndi a manambala. Sikelo yotereyi imanena zoona pokhapokha ikatcheredwa bwino. N'chifukwa chake mlimi ndi mlangizi ayenera kudziwa ntchito ya mabatani anayi.

Loyamba ndi ZERO. Sikelo ikhale pamalo osapendekeka, ndipo isanalandire katundu ionetse 0.00.

Lachiwiri ndi TARE, limene limachotsa kulemera kwa chotengera. Munthu amaika ndowa yopanda kanthu n'kudina batanili, ndipo sikelo imawerenga mbewu zokha. Chinyengo chimabisala pomwepa. Wogula akadina TARE pali mwala wa makilogalamu 2 n'kuuchotsa, thumba lililonse limapepuka ndi makilogalamu 2. Pa matumba 25, mlimi wataya thumba lathunthu. Chizindikiro chake ndi kamzere ka kuchotsera patsogolo pa manambala pamene sikelo ilibe katundu.

Lachitatu ndi UNIT, losinthira pakati pa kg ndi lb. Paundi imodzi ndi magalamu 454 okha. Choncho wogula feteleza woyezedwa akaona 50 pa sikelo yotcheredwa pa lb, walandira makilogalamu osakwana 23.

Lachinayi ndi HOLD, limene limaimitsa manambala. Limathandiza poyeza mbuzi yophiriphitha kapena mwana kusikelo ya ana, koma likaiwalika limapitiriza kuonetsa kulemera kwa katundu woyamba.

Pali ntchito ina yosayenera kugwiridwa pamsika: kukonza muyeso wa m'kati mwa sikelo. M'Malawi, bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa masikelo a malonda ndi kuikapo chizindikiro. Mlimi ali ndi ufulu wofunsa kuti achione.

Kalabu ya alimi ikhozanso kudziyesera yokha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu chikaikidwa pa sikelo, TARE n'kudinidwa, ndipo muthiridwe malita 20 oyezedwa bwino, sikelo iyenera kuonetsa makilogalamu 20.

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mlimi amene wakhetsa thukuta kuyambira mvula yoyamba asachite manyazi kuona 0.00 ndi maso ake thumba lisanakwere pa sikelo.